Kugula kamera pa intaneti: ndalama izitsatira katundu

Kujambula zithunzi ndi imodzi mwa ntchito zimene zikukula m'dera lathu la Tsangano. Pa chinkhoswe ndi pa ukwati, pa mwambo wovundukula chiliza, pa tsiku lotsekera sukulu ngakhalenso pa misonkhano ikuluikulu ya mipingo, eni mwambo amafuna munthu wa kamera woti awasungire chikumbutso cha tsikulo. Chaka chilichonse mwambo wa Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko, umene umachitikira pa Nkolimbo m'boma lino la Ntcheu, umasonkhanitsa khamu la anthu ofuna kujambulidwa atavala zachikhalidwe. Nawonso makomiti a chitukuko a m'midzi amafuna zithunzi zoika m'malipoti awo, zosonyeza pamene ntchito ya mlatho, mjigo kapena chipinda chophunziriramo yafika. Motero achinyamata ambiri aona kuti kamera ingathe kuwapatsa ndalama m'miyezi imene kumunda kulibe chokolola.

Vuto lili pa kagulidwe. Masitolo ogulitsa makamera ndi zipangizo zake ali m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre, ndipo mitengo ya katundu watsopano ndi yoboola m'thumba. Ambiri amatembenukira ku magulu a malonda a pa Facebook ndi pa WhatsApp, kumene makamera ogwirapo kale ntchito amatsatsidwa tsiku ndi tsiku. Kumeneko kuli amalonda okhulupirika, komanso kuli akathyali. Ndalama imene munthu wa kuno amagulira kamera nthawi zambiri imakhala ya mbatata ya kachewere ya nyengo yonse, kapena ngongole ya ku banki mkhonde imene iyenera kubwezedwa ndi chiwongoladzanja, kamera ifike kapena isafike. Nkhani ino ikufotokoza mmene mungatetezere ndalama yoteroyo. Mfundo yake yaikulu ndi imodzi: musalipire musanatsimikize munthu amene akugulitsa komanso katundu amene akugulitsayo.

Mtengo wotsika kwambiri ndi chenjezo

M'Malawi mulibe fakitale yopanga makamera. Kamera iliyonse imene mukuiona pa malonda inachokera kunja, kaya ku South Africa, ku Dubai, ku China kapena ku Ulaya, ndipo inagulidwa ndi ndalama yakunja. Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Izi zinakweza mtengo wa katundu yense wochokera kunja. Pamwamba pa apo, wamalonda amalipira mayendedwe ndi msonkho wa pachipata. Choncho munthu amene akugulitsa kamera pa theka la mtengo umene anzake onse akutchula ayenera kukhala ndi chifukwa chomveka. Kawirikawiri chifukwacho chimakhala chimodzi mwa zitatu: kamerayo ndi yowonongeka, ndi yakuba, kapena kulibeko n'komwe.

Musanalankhule ndi wogulitsa aliyense, tengani masiku angapo mukuyerekeza mitengo ya mtundu umodzi wa kamera kwa anthu osachepera atatu. Funsaninso ojambula amene akhala pa ntchitoyi kwa zaka, monga amene amapezeka pa boma la Ntcheu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pa malonda a pa intaneti mwambi umenewu umakwaniritsidwa kawirikawiri.

Mmene akuba amatchera misampha

Njira yofala kwambiri ndi ya chikole. Wakuba amakopera zithunzi za kamera pa tsamba la sitolo ya kunja n'kuziika pa gulu la malonda ngati zake. Mukamuimbira amalankhula mwaulemu, nanena kuti pali enanso awiri amene akuifuna, choncho mutumize kangachepe kuti akusungireni. Mukatumiza, amapempha ya mayendedwe. Tsiku lotsatira amakuuzani kuti katunduyo wagwidwa pa chipata cha Dedza kapena cha Mwanza ndipo pakufunika ya msonkho. Poopa kutaya imene mwatumiza kale, mumatumizanso. Akaona kuti mwauma, nambala ija imazima.

Njira yachiwiri ndi yonamizira sitolo yeniyeni. Wakuba amatsegula tsamba lokhala ndi dzina ndi chizindikiro cha sitolo yodziwika, koma nambala yolandirira ndalama imakhala yake. Njira yachitatu ndi yotumiza katundu wosiyana ndi amene munagwirizana: bokosi limafika ndithu, koma muli kamera yakufa kapena ya mtundu wotsika. Yachinayi ndi yofuna nambala yanu yachinsinsi. Munthu amaimba nadzitcha wogwira ntchito ku kampani ya foni, nanena kuti ndalama imene munatumiza yakodwa ndipo kuti aimasule mumuuze nambala yachinsinsi kapena manambala amene angobwera pa foni yanu. Wogwira ntchito weniweni wa Airtel Money, TNM Mpamba kapena banki sapempha nambala yachinsinsi ya munthu.

Misampha yonseyi imadalira chinthu chimodzi, ndicho phuma. Wakuba safuna kuti mugone nayo nkhaniyo kapena mufunse mnzanu. Wogulitsa akayamba kukuthamangitsani, pamenepo ndiye poyenera kuchepetsa liwiro.

Mudziweni wogulitsayo

Yambani ndi tsamba lake. Pa Facebook, tsamba la bizinesi limasonyeza tsiku limene linatsegulidwa komanso ngati linasinthapo dzina. Tsamba limene latsegulidwa mwezi watha koma likunena kuti lakhala pa malonda kwa zaka zambiri likunama. Onaninso ngati pali anthu enieni amene anagulapo, ndipo ngati n'kotheka lankhulani ndi mmodzi wa iwo. Zithunzi za katunduyo mungathe kuzifufuza ndi Google Lens: zikapezeka pa masamba ena a maiko akutali, dziwani kuti zinangokopedwa.

Chachiwiri, pemphani kuti muimbirane pa vidiyo. Wogulitsayo aonetse nkhope yake, anyamule kamerayo, aiyatse, ajambule chithunzi inu mukuona, kenako akuonetseni nambala ya kamerayo imene imalembedwa kunsi kwake. Mungathenso kumuuza kuti alembe dzina lanu ndi tsiku la lero pa pepala, aliike pambali pa kamerayo n'kukutumizirani chithunzi. Kwa munthu amene ali ndi katunduyo m'manja, iyi ndi ntchito ya mphindi zochepa. Amene alibe amayamba kudandaula za netiweki, kapena kunena kuti katunduyo ali ku nyumba ya mbale wake.

Chachitatu, yerekezani maina. Kuyambira mu 2018, bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe m'kaundula ndi chiphaso cha mwini wake. Potumiza ndalama pa foni, dzina la wolandira limaoneka musanatsimikize. Dzinalo likasiyana ndi limene wogulitsa anakuuzani, imani kaye mufunse. Komabe dziwani kuti akuba ena amagwiritsa ntchito manambala olembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena, choncho kufanana kwa dzina pakokha sikokwanira.

Chachinayi, funsani malo enieni amene amagulitsira. Mabanja ambiri a kuno ali ndi mwana, mlamu kapena mnansi ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Mutumeni akaone ndi maso ake. Ndalama ya minibasi imene mungamupatse ndi yochepa poyerekeza ndi imene mungataye.

Mudziweni katunduyo

Makamera ambiri amene amatsatsidwa m'magulu amenewa ndi akale ndithu, ngakhale wogulitsa anene kuti ndi atsopano. Nikon D3100 inatuluka mu 2010, Canon 600D mu 2011, Nikon D3200 mu 2012, Canon 700D mu 2013, Canon 1300D mu 2016, pamene Canon 2000D ndi Nikon D3500 zinatuluka mu 2018. Ukale pawokha si vuto, pakuti makamera amenewa amajambulabe bwino ngati anasamalidwa, koma mtengo wake uyenera kugwirizana ndi zaka zake. Dziwaninso kuti kamera imodzi ingathe kukhala ndi maina osiyana malinga ndi dziko limene inagulitsidwa. Canon 600D imatchedwa Rebel T3i ku America ndipo ku Japan imatchedwa Kiss X5.

Chinthu choyamba kufunsa ndi chiwerengero cha zithunzi zimene kamerayo yajambula, chimene ojambula amachitcha shutter count. M'kati mwa kamera muli kachitseko kamene kamatseguka ndi kutsekeka nthawi iliyonse mukajambula, ndipo kamatha ngati mmene matayala a galimoto amathera. Mwachitsanzo, kampani ya Nikon inayesa kachitseko ka D3200 kufika pa maulendo 100,000. Kamera imene yayandikira pamenepo ingathe kugwirabe ntchito, koma iyenera kutsika mtengo kwambiri chifukwa kukonzetsa kachitsekoko n'kodula. Makamera a Nikon amasunga chiwerengerochi m'kati mwa chithunzi chilichonse, kotero wogulitsa akakutumizirani chithunzi chosasinthidwa mungathe kuchiwerenga pa masamba a pa intaneti opangidwira ntchito imeneyi. Chithunzicho atumize ngati failo, chifukwa njira wamba ya WhatsApp imachifinya n'kufufuta zimene zinasungidwa m'kati mwake. Makamera ambiri a Canon amafuna kuwalumikiza ku kompyuta kuti chiwerengerocho chioneke.

Chachiwiri ndi lenzi. Lenzi ya Canon silowa pa Nikon, ndipo ngakhale m'kampani imodzi muli mitundu yosiyana. Malenzi a Canon olembedwa EF-S salowa pa makamera akuluakulu monga 5D ndi 6D. Mu 2018 Canon inayamba kupanga malenzi a RF ndipo Nikon inayamba a Z, ndipo amenewa salowa pa makamera akale amene tatchula aja. Pa Nikon D3100, D3200 ndi anzake a gulu limenelo, lenzi yakale yolembedwa AF kapena AF-D siilunjika yokha pa chinthu chimene mukujambula. Pamafunika yolembedwa AF-S. Musanagule lenzi payokha, tsimikizani kuti ikugwirizana ndi kamera yanu.

Lenzi ili ndi mdani wina amene anthu a kuno ayenera kumudziwa bwino, ndiye chuku. M'malo a chinyontho, chuku chimamera m'kati mwa magalasi n'kumaoneka ngati ulusi wa kangaude. Chikakhalitsa chimadya galasilo ndipo zithunzi zimatuluka zambuu. Chotsani lenzi pa kamera, walitsani tochi ya foni kuchokera mbali imodzi, inu muyang'ane kuchokera mbali inayo. Tifumbi tochepa si vuto, koma ulusi kapena chifunga cha m'kati ndi chifukwa chokwanira chokanira katunduyo. Popeza kuno ku mapiri kumakhala chifunga ndi mame ambiri, lenzi imene yabwera ndi chuku imaipiraipira msanga. Ngakhale yabwino iyenera kusungidwa m'chidebe chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyontho tija timapezeka m'mabokosi a nsapato.

Chachitatu ndi sensa, kagalasi ka m'kati kamene kamalandira chithunzi. Ikani kamera pa f/16 kapena f/22 n'kujambula khoma loyera kapena thambo lopanda mitambo. Madontho akuda amasonyeza fumbi, limene limachotseka, koma mzere wautali ungathe kukhala kukalika kumene sikukonzeka. Kenako vundikirani lenzi ndi chotsekera chake mujambule mdima: timadontho tofiira kapena tobiriwira tochuluka ndi chizindikiro cha sensa yotopa.

Chachinayi ndi batire ndi tchaja. Kamera iliyonse ili ndi batire la mtundu wake. Canon 600D ndi 700D zimagwiritsa ntchito LP-E8, Canon 1300D ndi 2000D zimafuna LP-E10, pamene Nikon D3100 ndi D3200 zimafuna EN-EL14. Batire lofufuma ndi loopsa ndipo musalilandire. Onaninso pulagi ya tchaja: ya kuno kwathu ili ndi mano atatu aphanthiphanthi, pamene katundu wochokera ku South Africa amabwera ndi ya mano obulungira, motero mudzafunika adaputa. Kwa amene amadalira magetsi a dzuwa, ndi bwino kufunsa za tchaja yolowa pa USB ndi kugula batire lachiwiri.

Chachisanu ndi memori khadi. Makhadi achinyengo ndi ochuluka kwambiri pa malonda a pa intaneti. Khadi limalembedwa 64GB kapena 128GB ndi dzina la kampani yotchuka, koma malo ake enieni ndi ochepa. Likadzaza limayamba kuwononga zithunzi mwakachetechete, ndipo wojambula amazindikira ukwati utatha. Ukwati subwerezedwa, ndipo mbiri ya wojambula amene wataya zithunzi za mwini wake imafala mudzi wonse. Yesani khadi latsopano pa kompyuta ndi pulogalamu yaulere ya H2testw, kapena lidzazeni ndi mavidiyo mpaka litakwana kenako muwatsegule onse mmodzimmodzi.

Pomaliza, nambala ya kunsi kwa kamera isakhale yofufutidwa kapena yomatidwa ndi pepala lina. Funsani lisiti limene wogulitsayo anagulira. Kulandira katundu amene mukudziwa kapena muli ndi chifukwa chokhulupirira kuti ndi wakuba ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ndipo apolisi akampeza amamulanda, inu n'kutsala opanda kamera ndi ndalama yomwe.

Kulipira ndi kulandira katundu

Njira yotetezeka koposa ndi yoti ndalama ndi katundu zisinthane pa nthawi imodzi. Ngati mtengo wa kamerayo ndi waukulu, ulendo wochoka kuno kudzera pa Tsangano Turn-off kukakwera basi pa msewu wa M1 ndi gawo la mtengo wogulira, ndipo uyenera kuwerengeredwa kuyambira pachiyambi. Kumanani masana pa malo a anthu ambiri, monga pa sitolo yake, mu banki kapena pafupi ndi polisi. Pitani ndi munthu wodziwa makamera, nyamulani memori khadi yanu, ndipo yesani zonse zimene tafotokozazi musanalipire. Kulipira kudzera pa foni kapena ku banki muli pamalo pomwepo n'kwabwino kuposa kunyamula mpukutu wa ndalama, chifukwa kumasiya umboni. Pomaliza lemberanani pepala lokhala ndi maina anu, mtundu ndi nambala ya kamera, mtengo, tsiku, ndi masiku amene mwagwirizana kuti mungabweze katunduyo akapezeka ndi vuto.

Ngati ulendo sungatheke, mbale wanu wa m'tauni ayese katunduyo ndi kumulandira, inu mulipire iye atatsimikiza. Potumiza, gwiritsani ntchito positi ofesi kapena kampani yonyamula maphukusi imene ili ndi chiphaso cha MACRA, chifukwa imapereka lisiti ndi nambala yolondolera phukusi. Kupatsira kondakitala amene simukumudziwa kumaoneka kotchipa, koma phukusi likasowa mulibe pogwira. Polandira, tsegulani bokosilo pamaso pa wogwira ntchito wa kampaniyo uku mnzanu akujambula vidiyo.

Ena amaitanitsa kamera kudzera kwa abale a ku Johannesburg kapena ku Cape Town, ndipo ena amaoloka malire kukagula ku Angonia m'dziko la Mozambique. Katundu wotere ayenera kuonetsedwa kwa a bungwe lotolera misonkho la MRA polowa m'dziko. Funsani ku ofesi yawo za msonkho wake musanagule, kuti mudziwe mtengo wonse, ndipo mugwirizane ndi wonyamula katunduyo kuti adzalipira ndani. Msonkho weniweni umakhala ndi lisiti la MRA. Amene amagula pa masamba akunja monga eBay, Amazon kapena AliExpress akumbukire kuti chitetezo cha wogula chimagwira ntchito pokhapokha ngati walipira kudzera pa tsamba lomwelo. Wogulitsa akakunyengererani kuti mulipire kumbali kuti akuchotsereni mtengo, akukuchotsani pansi pa chitetezocho.

Magulu ogula limodzi

Makalabu a achinyamata, makwaya ndi makomiti amene akugula ndi ndalama ya gulu ali ndi udindo wowonjezera. Chiganizo chogula chilembedwe m'buku la zokambirana, mitengo itengedwe kwa ogulitsa atatu, anthu awiri apite kukagula, ndipo lisiti lilembedwe m'dzina la gulu. Nambala ya kamera ndi ya lenzi zilembedwe m'buku la katundu. Magulu ambiri amasweka chifukwa cha kukayikirana kumene kumabuka ndalama ikatayika m'manja mwa munthu mmodzi. Gulu liyambenso ladzifunsa ngati likufunikadi kamera yaikulu. Pa zithunzi za m'malipoti, foni yabwino imakwanira. Ndipo wachinyamata amene akufuna kuyamba bizinesi angachite bwino kubwereka kamera kapena kuthandizira wojambula wina kwa miyezi ingapo, kuti pogula akhale akudziwa chimene akufuna.

Zoyenera kuchita mukaberedwa

Changu n'chofunika. Imbani nthawi yomweyo ku kampani ya foni kapena ku banki imene munatumizira ndalama, muwapatse nambala ya malonda imene ili mu uthenga wotsimikiza. Ngati wakubayo sanatape ndalamayo, pamakhala mwayi woti iimitsidwe. Musafufute kalikonse: sungani mauthenga, manambala a foni, mawu ojambulidwa ndi zithunzi za tsamba lake lisanatsekedwe. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limavomereza mauthenga a pa foni ndi pa intaneti kukhala umboni m'khoti, ndipo kupeza ndalama mwa njira yonama ndi mlandu pa malamulo a dziko lino.

Kanene nkhaniyo ku polisi ya pafupi kapena ku polisi ya pa boma la Ntcheu. Ngati amene wakulakwirani ndi bizinesi yodziwika imene yakugulitsani katundu wosiyana ndi amene inalengeza n'kukana kubweza ndalama, dandaulo lanu lingapite ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene limateteza ogula. Madandaulo okhudza makampani a foni ndi onyamula maphukusi amalandiridwa ndi MACRA. Chenjeraninso ndi anthu amene amabwera pambuyo pake n'kulonjeza kuti akubwezerani ndalama yanu mukawalipira kaye, chifukwa nthawi zambiri amakhala akuba omwe aja atasintha nambala.

Anthu ambiri amene aberedwa amakhala chete chifukwa cha manyazi, ndipo kukhala chete kumeneko kumapatsa wakuba mpata wogwiritsa ntchito nambala yomweyo kwa munthu wina wa m'mudzi womwewo. Uzani a mfumu, a komiti ya chitetezo cha m'mudzi ndi anzanu a ku banki mkhonde. Wakutsina khutu ndi mnansi. Makomiti a chitukuko akulimbikitsidwa kuwerenga nkhaniyi pa misonkhano yawo, makamaka nyengo yogulitsa kachewere ikamayandikira, pamene ndalama imakhala m'manja mwa anthu ndipo otsatsa malonda amachuluka.